Tinakagona Kutchire Kuti Taonga Aone Njovu

Wezi, ika foniyo pansi, sithawa. Inu amapasa, lekani kulimbirana mpando, mphasa iyi siluma. Mukufuna kudziwa chifukwa chake asekulu anu anakukalipirani dzulo mutatenga chitini chakuda chija pakhonde n'kuchisandutsa ng'oma. Simunaone kodi kuti mudzi wonse unathamangira kumadimba, a Mvula oyandikana nafe aja ali ndi nsapato imodzi? Khalani pansi ndikuuzeni. Ndiyankhula Chinyanja chanu chomwechi, chifukwa ndikayamba Chisenga mumangondiyang'ana kukamwa. Asekulu anu awo musawasamale. Atseka maso, koma makutu ali tcheru.

Chitini chimenecho chili ndi dzina, ndi Kapitawo. Chinabwera ndi mafuta ophikira atate anu Kondwani asanamere mano, mafuta atatha chinalembedwa ntchito ina. Inu njovu mumazidziwa za m'buku, zomwetulira. Kuno ku Chifunda njovu ndi mnansi woipa, saodira ndipo sapempha. Ine nditakwatiwa, nyumba yanga yoyamba sinali nyumba ayi, chinali chilindo, kansanja ka udzu pamwamba pa chulu, pomwe timakhala kulonda munda. Dzinja timalonda chimanga ndi mpunga, chilimwe timalonda dimba. Ine ntchito yanga inali kuumba ndowe za njovu pamodzi ndi tsabola n'kuzitentha kuti utsi uziyabwe m'chitamba. Asekulu anu ntchito yawo inali Kapitawo. Akachimenya ndi chitsulo, ngakhale nkhuku zimaleka kuikira. Ndiye ankadzitama pamowa, patchalitchi, ngakhale pamaliro, kuti m'dimba lawo, iwo a Ng'uni, njovu sinalawemo chimanga chikhalire.

Manje chaka chimenecho mkulu wanu Taonga anali atangoyamba sukulu ku Lusaka. Iwe Wezi unali kumbuyo, ntchito yako kudya ndi kunyowetsa zitenje zanga. Amapasa inu kunalibe ndi maganizo omwe. Tsiku lina aphunzitsi anaonetsa chithunzi cha njovu, Taonga n'kuimika dzanja kunena kuti kumudzi kwa abuya ake, ndiye kuno kwa ine, njovu zimangoyenda ngati mbuzi. Anzake anamufunsa ngati iye anaziona. Mwana sanadziwe kunama, anati ayi. Basi, dzina linamera pomwepo, Taonga wabodza. Ankalira m'mawa uliwonse povala yunifolomu, mpaka atate anu analumbira kuti tchuthi cha Ogasiti akamuonetsa njovu ndi maso ake.

Anafika pano ndi galimoto yobwereka, yaitali miyendo, katundu mpaka padenga.

"Amama, mawa tinyamuka tonse," anatero atate anu. "Tiyenda ku paki kutsidya kwa Luangwa. Tikagona mu matenti."

"Kwagwa maliro?" ndinafunsa ine.

"Iyayi amama, ni kusangalala chabe. Kugona panja, kuona vinyama."

"Kwaulere?"

"Awe, timalipira pa geti."

Asekulu anu anavula chipewa n'kuchiyang'ana mkati ngati muli yankho. "NyaGoma," anatero kwa ine, "mwana uyu tinamugulitsira mpunga ndi mbuzi kuti aphunzire, asadzagone kutchire ngati ife. Manje waphunzira, walembedwa ntchito kuchipatala, ndipo akulipira ndalama kuti akagone kutchire."

Ine ndinati bwanji tingodikira pompano, njovu zibwera zokha. Koma masiku a tchuthi anali ochepa, ndipo asekulu anu anandidula mawu. Anati kuno njovu zinaleka kubwera, zimawadziwa. Chimene chinkawaletsa ulendo chinali dimba. Chimanga chinali chitakhwima kumene, chobiriwira, chimene anachithirira ndi kheni chilimwe chonse msana ukulira. Chimanga cha kudimba ndicho chimatiolotsa miyezi yanjala, inu mumangochidziwa chowotcha cha pamsewu. Anakana, anakana, mpaka Taonga anawagwira chala n'kunena kuti, "Asekulu, imwe muziba njovu. Mukanionese." Munthu wamkulu uja anasungunuka ngati mchere m'madzi. Dimba anasiyira a Mvula omwewa, munthu amene akagona mutha kumusamutsa ndi mphasa yomwe.

Kale ife ulendo sunali wa chipwirikiti chotere. Popita ku Lundazi wapansi ndinkamanga kamtolo kamodzi, mbatata zootcha, chimphonde cha mtedza m'kachibade, madzi m'nsupa, mwana kumbuyo, basi. Kukada timasonkha moto n'kugona pomwepo, ndipo palibe amene ankati tikusangalala. Koma amayi anu ananyamula nyumba yonse. Mipando yopinda, mbaula ya gasi, nyemba za m'zitini, matiresi opopa ngati mpira. Ine ndinangoponyamo kathumba ka mpunga wathu ndi mphasa yanga. Asekulu anu anatulukira atakumbatira Kapitawo.

"Adada, ico cikacita cani ku paki?" anafunsa atate anu.

"Chotenthetsera madzi osamba," anayankha osaphethira n'komwe.

Ndiye amayi anu, mwa mtima wawo wabwino, anatigulira tonse masikipa ofanana, abuluu, kuti tikaoneke bwino pachithunzi. Ine nditangoona mtunduwo mtima unati phwii. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti kashembe, ntchentche yoluma ija, imakonda nsalu yabuluu, n'chifukwa chake misampha yake ya m'mbali mwa msewu imakhala ya mtundu umenewo. Koma mphatso ya mpongozi suyamba ndi kuipeza chifukwa. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, ndinavala. Asekulu anu anavala yawo mkati, pamwamba n'kuphimba ndi jekete lawo la khaki, ati akumva mphepo. Mphepo yake iti, dzuwa lili pamutu?

Pa Luangwa tinaoloka pa pantuni. Musaganize za mlatho, inali migolo yomangidwa pamodzi, pamwamba matabwa, amuna akukoka chingwe ndi manja. Galimoto itakwerapo chinthu chonse chinapendekeka, mvuu zili apo zikutiyang'ana ngati zikudikira mbale. Amayi anu, amene ku Lusaka amapita kutchalitchi pa Khirisimasi pokha, anayambitsa nyimbo ya Mulungu n'kuimaliza mavesi onse osaphonya.

Kutsidya anatipatsa sikauti, mlonda wa nyama wonyamula mfuti, mnyamata waulemu wake. Atationa mmene tinavalira analuma mlomo kuti asaseke. Sitinapite patali, akashembe anatilandira. Analowa pawindo ngati aitanidwa ku ukwati. Mbama zinayamba kulira m'galimoto, aliyense kudzimenya yekha ndi kumenya mnzake. Ine ndinamenya atate anu pakhosi mbama imene ndinawasungira kuyambira ali mwana. Tikatseka mawindo tikupsa, tikatsegula tikudyedwa. Asekulu anu ali phee m'jekete lawo, akuyang'ana panja ngati bwanamkubwa.

Nyama tinaziona, sindinganame. Mbidzi, nswala, njati, njiri zitaimika timichira. Vuto linali pakamwa pa asekulu anu. Amayi anu akati, "Taonga, ona cabwino ico," iwo amati, "Imeneyo imakoma yofutsa." Tikaona njati amati, "Chiwindi chake munthu mmodzi sungamalize." Zonsezi akunena sikauti ali pampando wakutsogolo, mfuti ili pakati pa miyendo. Ndinawatsina ntchafu mpaka zala kuwawa. Sikauti anatembenuka n'kufunsa kuti, "Madala, muziba bwanji?" Iwo anati, "Ndinamva kwa anthu, mwana wanga, anthu akalekale, onse anamwalira."

Koma njovu kunalibe. Ndowe zinali paliponse, mitengo yothyoledwa, mapazi aakulu ngati lichero, mwini wake osaoneka. Taonga anagwira foni ya atate ake ndi manja awiri tsiku lonse. Chulu chilichonse amakuwa kuti, "Njovu!" n'kujambula. Atate anu ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndinkaona thukuta likuwatsika, poti lonjezo kwa mwana ndi ngongole yoposa zonse.

Pamalo ogona, m'mbali mwa mtsinje, panali ntchito ina. Atate anu anayala tenti pansi n'kumawerenga kapepala, ndodo iyi ilowe umu, iyi ituluke umu. Ikaima uku imagwa uko. Asekulu anu anatopa nazo, anatenga nkhwangwa kuti adule mitengo amange msasa weniweni, sikauti n'kuwagwira mkono, ati muno ngakhale nthambi sitithyola. Iwo anati, "Nanga njovu zathyola mitengo yonseyi munazimanga?" Tenti itaima anandiuza kuti ndilowe chokwawa. Ine mayi wolemekezeka wa mumpingo, kukwawa ngati fulu pamaso pa mpongozi! Ndinalowa, maondo akulira ngati chitseko. Matiresi opopa aja anaphwa tisanagone n'komwe, ndinayamika mphasa yanga. Anyani nawo anatibera buledi yense amayi anu akuwajambula.

Tinazungulira tsiku lachiwiri, zomwezo. Taonga analeka kukuwa akaona chulu. Chakudya ankangochitosa. Ine chisoni chinandigwira, chifukwa mwana amene wasiya kufunsa mafunso ndiye kuti mtima wayamba kufooka.

Manje mverani za m'mawa wotsiriza. Dzuwa litangotuluka ndinakhala panja ndikutsuka mpunga. Pafupi nafe panali azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ochokera kutali kwambiri, ali ndi kamera yaitali ngati munsi. Iwonso anali asanaone njovu. Mwadzidzidzi sikauti anaika chala pakamwa n'kuloza kumtsinje. Ana inu, zinali zikubwera! Gulu lonse, zazikulu kutsogolo, kamwana pakati, zikuyenda pamchenga mosapupuluma kulunjika kumtengo umene unali pafupi ndi matenti athu. Azungu anagwada n'kuyamba kukonza kamera. Atate anu anakwawa chamimba kupita kukadzutsa Taonga, koma zipi ya tenti inakana kutseguka. Anakoka, anakoka, akunong'ona kuti, "Taonga, uka, uka manje manje!"

Aliyense anaiwala munthu mmodzi. Asekulu anu anali kuseri kwa galimoto akutenthetsa madzi osamba, m'chitini chomwe chija. Atadzutsa mutu anaona njovu zikulunjika pamene panagona adzukulu awo ndi pamene panali thumba la mpunga. Munthu amene walonda munda moyo wake wonse safunsa mutu zochita, manja amadziwa okha. Anakhuthula madzi, anatola sipanala ya matayala.

Ngwee! Ngwee! Ngwee!

"Fumaniko! Fumaniko, ŵankhungu imwe!" Ndiko kuti chokani, akuba inu.

Mbalame zonse za m'tchire zinauluka. Mzungu wamwamuna anagwa chagada. Iwe Wezi unayamba kulira. Njovu zinaimika makutu, yaikulu inalira kamodzi, zonse zinatembenuka ndi liwiro loti simungakhulupirire. Pamene zipi inatseguka, Taonga n'kutuluka akutikita maso foni ili m'manja, kutsidya kunali fumbi lokha.

Asekulu anu anabwera akumwetulira, chifuwa patsogolo, akudikira kuthokozedwa. "Mwaona, NyaGoma? Ngakhale zakuno zimandidziwa."

Sikauti anagwira kumutu ndi manja onse. Mzungu wamkazi ankayankhula mofulumira m'chiyankhulo chake, ndipo sindikhulupirira kuti anali madalitso. Atate anu anangoyamba kupinda mipando, poti bambo ako suwakalipira pagulu ngakhale atakhala kuti alakwa chotani. Taonga anayang'ana fumbi lija mpaka linatha. Sanalire ayi, bola akanalira. Anangopita kwa atate ake n'kuwabwezera foni.

"Tengani, dadi. Nizabauza chabe ku sukulu kuti ninanama."

Madzi akatayika saoleka. Tinapasula matenti, tinapakira, tinabwerera. M'galimoto munali zii, ngakhale akashembe ankaluma mwaulemu. Asekulu anu anakhala atafungatira Kapitawo pamiyendo. Pa pantuni ndinawakokera pambali n'kuwapatsa mawu anga m'Chisenga, amene sindingawabwereze kwa ana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati chapansipansi, "Ine ndimati ndikupulumutsa ana." Mkwiyo wanga unathera pomwepo, chifukwa zinali zoona. Zaka zonsezi chitini chija ndicho chinkadyetsa banja, ndipo tsiku limenelo chinaliza mdzukulu wawo.

Tinafika pano dzuwa litapendeka. Asekulu anu sanalowe ndi m'nyumba momwe. Anayima pafupi ndi Taonga akukanda kumutu.

"Mama," anatero, poti amamutcha choncho chifukwa anatenga nkhope ya amayi awo, "tiye kudimba ukasankhe wekha chimanga, ndikuwotchere."

Taonga anayang'ana kumbali. Ine ndinamugwira dzanja n'kunena kuti munthu wamkulu akapepesa sabwezedwa, tiye tonse. Atate anu anatitsatira m'mbuyo. Panjira tinamva kuti a Mvula anapita kumowa dzulo lake ndipo anali asanabwere. Asekulu anu anawonjeza liwiro, chitini m'khwapa, chitsulo m'manja.

Tisanafike tinamva thyo, thyo, ngati munthu akuthyola nkhuni. Asekulu anu anaima, anatikweza msangamsanga pachilindo chathu chija pamwamba pa chulu, pomwe dimba limaoneka lonse kutsidya kwa kakhwawa. Titasuzumira, mayo ine! Chinjovu chachimuna, minyanga yoyera mbee, chili pakati penipeni pa chimanga, masana dzuwa likuwala. Chinamva kuti Kapitawo wapita kutchuthi. Chinkazula phesi ndi chitamba, kuligwedeza kuti dothi lichoke, n'kuliponya m'kamwa mosafulumira ngati chili pakhomo pa amalume ake.

Ndinaona asekulu anu akukweza chitini. Ndinaona mkono wa chitsulo ukupita m'mwamba. Mbali yodyedwa inali idakali yaing'ono, akanamenya kamodzi kokha dimba likanapulumuka. Pomwepo Taonga anawagwira jekete, maso ali tong'o.

"Asekulu, ni yeniyeni?"

Mkono uja unaima m'mwamba. Anayang'ana mwana, anayang'ana chimanga, anayang'ananso mwana. Kenaka mkono unatsika pang'onopang'ono. Anakhala pansi, anapanikiza chitini pakati pa maondo kuti chisachite phokoso ngakhale mwangozi.

"Ndi yeniyeni, mama. Ione bwinobwino."

Tinakhala pamenepo, njovu ikudya, Taonga akuiona. Ankafunsa chilichonse, chifukwa chake ikukupiza makutu, ngati ili ndi mano m'kamwa, ngati ili ndi ana kunyumba kwake. Asekulu anu ankayankha zonse, koma pakati pa mayankho ndinkawamva akung'ung'udza, "Mzere umenewo ndinathirira ndi msana uwu. Eya, tenganso maunguwo, ndinabzalira iwe." Atate anu anatulutsa foni kuti ajambule, foni n'kukhala itazima, moto wonse unathera pa zithunzi za zulu.

"Asekulu, ili na njala maningi, ka?"

"Ili ndi njala, mama. Mlendo wako ameneyu sadziwa kusiyako."

Itakhuta inapukusa mutu, inatisiyira mulu wa ndowe pakati pa dimba, n'kumapita kumtsinje osatembenuka. Chimene chinatsala m'dimba mbuzi ikanachita manyazi kuchiyang'ana. Asekulu anu anatsika, anayenda pakati pa mapesi osweka. Kenaka anawerama pamulu uja, anasankha ndowe imodzi yoburungika bwino, yooneka ndi timbewu ta chimanga chawo, anaikulunga m'masamba a nthochi n'kumupatsa Taonga ndi manja awiri.

"Chithunzi munthu angathe kubwereka," anatero. "Ichi akachinunkhize amene akuti ndiwe wabodza."

Amayi anu anakana kuti chinthu chimenecho chilowe m'galimoto, koma chinapita, chili m'pepala la shuga padenga. Ndinamva kuti kalasi yonse inafola kudzachiona, aphunzitsi n'kuchiika pawindo mpaka teremu kutha. Dzina la wabodza linafera pomwepo.

Musaganize kuti zinali zaulere. Chaka chimenecho njala inatipeza msanga. Atate anu anatumiza ufa, koma mvula itatseka msewu tinadya mango aawisi owiritsa, m'mawa ndi madzulo. Kumowa anzawo anawaseka asekulu anu mpaka kukolola, ati a Ng'uni aja ankati njovu zimawadziwa, zinawadziwadi, zinabwera kudzadya kwawo. Iwo sananene kwa munthu aliyense chimene chinachitika pachilindo paja. Ankangoti mkono unachita dzanzi, chitsulo chinakana kutsika. Taonga lero ndi mtsikana wamkulu, koma akaimba foni sayamba ndi ine amene ndinamusambitsa. Amayamba ndi kufunsa asekulu ake ndi Kapitawo.

Taonani, atsegula diso limodzi. Mwati bwanji, a Ng'uni?

"Ndati mkono unachitadi dzanzi, NyaGoma. Usanamize ana."

Mwamva, ana inu? Unachita dzanzi. Ine ndakhala ndi mkono umenewo kuyambira ndili mtsikana, walima, wasenza makheni, wamenya chitini pamvula ndi padzuwa, sunachitepo dzanzi ndi tsiku limodzi. Unadikira mpaka tsiku limene Taonga anaugwira jekete.